Musanalipire Photoshop, yambani mwacheza ndi wopulinta

Mwana wa achemwali anga anabwera kunyumba Loweruka lina masana, laputopu ili m'chikwama cha kusukulu. Anali atangolemba mayeso a Giredi 12 ndipo kukhala pakhomo kunali kutamukwana. "Amalume, ndikufuna ndiyambe kupanga maposita. Mundiikireko Photoshop." Ndinamufunsa kuti posita yake yoyamba ndi ya ndani, nanga ikatha ikaonekera pati, pakhoma kapena pafoni. Anangoti kukamwa yasa.

Sindinamuseke, chifukwa nanenso ndinayamba choncho. Ambiri timamva dzina la pulogalamu yotchuka n'kuganiza kuti luso lili m'menemo. Zimene ndinamuuza tsikulo ndi zimene ndikulemba pano, motsatana mmene ine ndingachitire nditati ndikuyamba lero kuno ku Chipata.

Choyamba: lembani ntchito zitatu zimene mukufuna kugwira

Tengani pepala, mulembe ntchito zenizeni, za anthu amene mukuwadziwa. Kuno ntchito za oyamba kumene sizisowa: kachithunzi kotsatsa saluni kapena nkhuku pa status ya WhatsApp, makadi a ukwati ndi a kitchen party, kapepala ka ndondomeko ya mwambo wa maliro, masikipa a kwaya, chinsalu cholengeza msonkhano wa tchalitchi, sitika yomata pabotolo la chiponde kapena uchi, chikwangwani cha golosale ku Kapata. Ikamayandikira Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, ndiponso Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, magulu ambiri amafuna masikipa ndi zinsalu zolembedwa, ndipo opulinta amagona mochedwa.

Pambali pa ntchito iliyonse lembani kumene ikathere: pafoni, papepala, pansalu, kapena pakhoma. Yankho limeneli ndilo likusankhireni pulogalamu.

Chachiwiri: dziwani mitundu iwiri ya zithunzi

Apa musathamange. Chithunzi chimene mumajambula ndi foni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Chili ngati chitenje: mukachiona patali maluwa ake ndi osalala, koma mukachikoka kwambiri n'kuyandikitsa diso mumayamba kuona ulusi. Mtundu umenewu amautcha raster, ndipo mafayilo ake ndi monga JPG ndi PNG. Photoshop ndi GIMP anapangidwira ntchito imeneyi.

Mtundu wina ndi vector. Umenewu susunga timadontho, umasunga miyeso: mzere uyambire apa, upindike chonchi, uthere apo. Zili ngati telala amene ali ndi patani m'mutu. Angasoke ka mwana kapena ka munthu wamkulu, maonekedwe ake osasintha. Logo yopangidwa mwa vector mungaiike pa kakhadi ka bizinesi lero, mawa n'kuikulitsa kudzaza khoma la shopu, m'mbali mwake muli chakuthwa ndithu. Mafayilo ake ndi SVG, AI, CDR, ndiponso PDF ikasungidwa bwino. Illustrator, CorelDRAW ndi Inkscape ndi a mbali imeneyi.

Tsopano bwererani ku pepala lanu lija. Ngati mwalemba logo, masikipa, masitika kapena zikwangwani, mukufunika pulogalamu ya vector, ndipo Photoshop ija simukuifuna n'komwe. Mphwanga uja atamva izi anakhumudwa pang'ono, poti ntchito zake ziwiri mwa zitatu zinali za masikipa.

Chachitatu: pitani kwa wopulinta musanaike chilichonse pakompyuta

Ine ndinaphunzira zimenezi ndalama zitatuluka kale m'thumba. Ntchito yanga yoyamba yolipidwa inali kapepala ka mwambo wa maliro a agogo a mnzanga. Ndinakapanga pafoni usiku wonse, n'kukatumiza ngati chithunzi wamba kwa mnyamata wa pashopu ina yopulinta m'tauni. M'mawa nditapita kukatenga ndinapeza makope onse atatuluka kale, ataunjikidwa pa kauntala. Nkhope ya agogo inali ngati mukuiona pawindo la basi mvula ikugwa, ndipo manambala a nyimbo sankawerengeka. Mnyamata uja anangoti, "Akulu, mukanandifunsa dzulo." Nthawi yonyamula maliro inali itatsala pang'ono. Ndinakhala naye pampando wake tikulembanso zonse, ndipo mapepala achiwiriwo ndinalipira ndekha.

Choncho nyamukani mupite kumashopu awiri kapena atatu opulinta, kaya ku Down Shops kaya kulikonse kumene muli pafupi, nthawi imene kulibe mzere. Perekani moni bwinobwino, munene kuti mukuphunzira, ndipo mufunse izi: amagwiritsa ntchito pulogalamu yanji, amalandira mafayilo a mtundu wanji, amafuna mitundu ya RGB kapena CMYK, ndipo amafuna malo owonjezera m'mbali okwana bwanji oti mpeni udulemo.

M'mashopu ambiri amene ine ndalowamo, makamaka odula masitika ndi odinda masikipa, ndapeza CorelDRAW. Ndi pulogalamu yakale ndithu, inatuluka mu 1989 ku Canada, ndipo amisiri ambiri anaphunzirira pamenepo. Koma musafulumire kuganiza kuti nanunso muigule. Funsani kuti, "Nanga ndikabweretsa PDF, zilembo nditazisandutsa mizere, mulandira?" Kawirikawiri yankho limakhala loti inde. Akatero ndiye kuti khomo la mapulogalamu aulere lakutsegukirani.

Za RGB ndi CMYK, mwachidule: sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu (RGB), pamene makina opulinta amasakaniza inki zinayi (CMYK). Inki singafike pa kuwala kwa sikirini. Buluu wowala ndi wobiriwira wonyezimira amene kasitomala wawakonda pafoni amatuluka ozimirira papepala. Muziwachenjezeratu.

Chachinayi: yang'anani chida chanu, magetsi ndi bandulo

Pa Windows lowani mu Settings, kenako System, kenako About, muone RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Photoshop ya masiku ano imafuna 8 GB poyambira, ndipo eni ake amalimbikitsa 16 GB. Malaputopu ambiri ogula pa salaula ali ndi 4 GB. Pa makina otere Inkscape ndi GIMP zimayenda, ngakhale mwakachetechete fayilo ikakula.

Ganiziraninso za intaneti. Canva imagwira ntchito pa intaneti, ndiye bandulo ikatha usiku ntchito ili pakati, mwagwira njakata. Inkscape ndi GIMP mumadawuniloda kamodzi basi. Amene anadutsa mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankasowa tsiku lathunthu, akudziwa kuti batire ya laputopu ndi chuma. Zolowerani kudina Ctrl ndi S pafupipafupi mpaka chala chizichita chokha.

Ngati muli ndi foni yokha, musadzione ngati otsalira. Zotsatsa za pa Facebook ndi WhatsApp zimatheka bwino ndi Canva kapena PixelLab. Kungoti ntchito yopita kwa wopulinta imavuta pa sikirini yaing'ono, chifukwa zolakwika zazing'ono siziwoneka.

Chachisanu: sankhani imodzi yaulere, osati zisanu

Canva, ya ku Australia, inayamba mu 2013 ndipo ndi imene ambiri amayambira. Mumasankha chitsanzo chopangidwa kale, n'kusintha mawu ndi zithunzi. Pa zotsatsa zachangu ndi makadi oitanira anthu ilibe mnzake. Koma ili ndi malire ake. Chilichonse chokhala ndi kachisoti kachifumu pakona ndi cha olipira. Kusunga PNG yopanda mtundu kumbuyo, kusunga SVG, ndi kutulutsa PDF ya CMYK, zonsezi zimafuna Canva Pro, yolipira. Vuto lina ndi lakuti chitsanzo chimene mwachikonda inu, anzanu ambiri achikondanso. Ndaonapo masaluni awiri a msewu umodzi ali ndi posita yofanana, kusiyana dzina lokha. Pa logo ndiye samalani kwambiri: malamulo a Canva salola kulembetsa ngati chizindikiro cha malonda logo yopangidwa ndi zithunzi za m'nkhokwe yawo. Kasitomala amene akufuna kudzalembetsa chizindikiro chake ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda, mungamuike m'mavuto.

Inkscape ndi imene ine ndimauza aliyense wofuna kudzakhala mmisiri weniweni kuti ayambire. Yakhalapo kuyambira 2003, ndi ya vector, ndipo ndi yaulere kotheratu, yopanda mbali yobisika yoti mulipire. Masiku atatu oyamba imakwiyitsa, osanama. Chida cholembera mizere yopindika chimaoneka ngati chili ndi maganizo akeake. Koma dzanja likazolowera, luso limenelo mumapita nalo ku Illustrator kapena ku CorelDRAW popanda kuyambiranso, chifukwa kagwiridwe kake n'kamodzi. Chofooka chake n'chakuti PDF yake imatuluka mu RGB, ndiye pa ntchito imene mtundu uli wofunika kwambiri muzipulinta kope limodzi loyesera.

GIMP ndi yokonzera zithunzi: kuchotsa zakumbuyo, kuwalitsa nkhope imene inajambulidwa mumdima, kufufuta chingwe choyanikapo zovala chimene chalowerera pachithunzi cha mkwatibwi. Anaiyamba ophunzira awiri a pa yunivesite ku Berkeley mu 1995, ndipo GIMP 3.0 inatuluka mu Malichi 2025. Photopea imagwira ntchito yofananayo mu Chrome kapena Firefox, imafanana kwambiri ndi Photoshop m'maonekedwe, ndipo imatsegula mafayilo a Photoshop otchedwa PSD. Kasitomala akakutumizirani PSD, musachite mantha, tsegulirani mmenemo.

Scribus ndi ya timabuku ndi makalata a nkhani a masamba ambiri, ndipo imadziwa CMYK. Krita ndi ya ojambula pamanja. Ngati si ntchito yanu, zisiyeni kaye.

Pali inanso imene yasintha zinthu posachedwapa. Affinity inali pulogalamu yogula, yopikisana ndi za Adobe, kampani yopanga Photoshop ndi Illustrator. Canva inaigula mu 2024, ndipo kumapeto kwa Okutobala 2025 inaisandutsa yaulere pa Windows ndi Mac. Chofunika ndi kutsegula akaunti ya Canva. Imagwira vector, zithunzi ndi masamba pamalo amodzi, CMYK ilimonso. Ngati laputopu yanu ili ndi mphamvu, iyeseni. Ya mphwanga inali yofooka, ndiye tinakhazikika pa Inkscape.

Chilichonse chimene mwasankha, chitengeni pa webusaiti ya eni ake, osati pa fulashi ya mnzanu.

Chachisanu ndi chimodzi: gwirani ntchito imodzi mpaka ifike papepala

Musathe mwezi mukuonera mavidiyo a pa YouTube. Pezani munthu, kaya ndi azakhali anu ogulitsa zitumbuwa, muwapangire kapepala kotsatsa ka A5, ndipo mutsate izi.

Yambani ndi kukula kwenikweni. A5 ndi mamilimita 148 kwa 210, A4 ndi 210 kwa 297, A3 ndi 297 kwa 420. Ngati mtundu kapena chithunzi chikufika m'mphepete mwa pepala, chipitirizeni mamilimita 3 kunja mbali zonse, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke kamzere koyera. Mawu ofunika, makamaka nambala ya foni, akhale mkati ndithu, osachepera mamilimita 5 kuchoka m'mphepete.

Zithunzi zopita papepala zikhale za 300 dpi, ndiye kuti timadontho 300 pa inchi iliyonse. Kutanthauza kuti chithunzi chodzaza A4 chikhale cha mapikiselo 2480 kwa 3508, cha A5 chikhale 1748 kwa 2480. Chinsalu chachikulu choonedwa patali sichifuna zochuluka choncho, wopulinta akuuzani. Kasitomala akamakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, muuzeni adine kachizindikiro komangirira fayilo n'kusankha Document. Chikatumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa, ndipo chofinyidwa sichibwereranso.

Zilembo musachulutse. Mitundu iwiri yakwana: umodzi wa mutu, wina wa mawu otsala. Pa Google Fonts pali zilembo zaulere zololedwa kugwiritsa ntchito pa malonda. Ife olemba Chinyanja tili ndi kathu kena kofunika kuyang'ana: lembani mawu okhala ndi ŵ ndiponso ng' muone ngati zilembozo zikuwatulutsa bwino. Zilembo zambiri zokongoletsa zilibe ŵ, ndipo pamalo pake pamabwera kabokosi kapena chilembo cha mtundu wina. Funsaninso kasitomala kalembedwe kamene akufuna, poti kuno ena amalemba "cikondi" monga anaphunzirira kusukulu, ena "chikondi" monga amalembera kutsidya kwa Mwami. Pa sikipa ya kwaya nkhani imeneyi ingakudyereni masana onse.

Mukamaliza, sungani kope limodzi loti mudzathe kusintha mawu, kenako pa kope lachiwiri sandutsani zilembo zonse kukhala mizere. Mu Inkscape sankhani zonse, lowani pa Path, dinani Object to Path. Mu CorelDRAW ndi Ctrl ndi Q. Mukapanda kutero, kompyuta ya wopulinta imene ilibe zilembo zanuzo imaikapo zake, ndipo mutu umene munaukonza bwino umasefukira pamzere wachiwiri. Tulutsani PDF. Mu Canva sankhani PDF Print, muchongenso pa Crop marks and bleed.

Pomaliza pulintani kope limodzi, mulitengere panja padzuwa, muwerenge mokweza liwu ndi liwu. Nambala ya foni muiyimbe. Tsiku la ukwati mulifananize ndi kalendala. Kasitomala aone, avomere polemba uthenga, ndiye makope ena atuluke.

Chachisanu ndi chiwiri: nthawi yolipira ikakwana

Pulogalamu yogula ili ndi malo ake, ndipo sindinganame kuti zaulere zimachita zonse. Mulipire pamene chimodzi mwa izi chachitika. Mwapeza ntchito pakampani kapena bungwe limene limatumizirana mafayilo a Illustrator (AI) ndi a InDesign, pulogalamu ya Adobe yokonzera masamba, ndipo akufuna muwabwezere oti iwo athe kusintha. Kapena wopulinta amene mumagwira naye tsiku ndi tsiku akukupatsani mafayilo a CorelDRAW (CDR) oti mukonze. Kapena mwawerengera n'kupeza kuti kachinthu kena kamene mumathera ola lathunthu, pulogalamu yogula imakachita m'mphindi zochepa, ndipo ntchito zakuchulukirani moti olalo ndi ndalama.

Muyeso wanga ndi uwu: ndalama imene dizaini ikukubweretserani pamwezi ipose katatu mtengo wa pulogalamuyo, kwa miyezi itatu yotsatizana, kuphatikizapo mwezi wouma ngati Januwale pamene aliyense ali pa feteleza ndi zofunika kusukulu. Isanakwane pamenepo, ndalamayo ndi bwino muonjezere RAM, mugule mbewa yabwino ya kompyuta, kapena batire yatsopano.

Dziwaninso kuti kuyambira mu 2013 Adobe inasiya kugulitsa kamodzi n'kamodzi Photoshop ndi Illustrator zatsopano. Tsopano ndi lendi: mukasiya kulipira, chitseko chatsekedwa. Malipiro ake amatsata ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa mtengo kwa inu wakwera, ndipo pamafunika khadi la banki lotha kulipira pa intaneti. Werengani bwino musanadine. Pali dongosolo la chaka chonse lolipira mwezi ndi mwezi, limene limaoneka lotchipa. Mukalisiya masiku 14 atadutsa, amakulipiritsani theka la ndalama za miyezi yotsalayo. Masiku 7 oyesera aulere nawonso amafuna khadi, ndipo mukaiwala kuletsa amayamba kudula. Ngati ntchito yake ndi ya mwezi umodzi, tengani dongosolo la mwezi umodzi, ngakhale likukwererapo. CorelDRAW ikadali ndi njira yogula kamodzi, koma ndalama yake ndi yolemera kwa woyamba kumene. Kwa amene ntchito zake zambiri ndi za pa Facebook, Canva Pro ndi imene ingabweze ndalama msanga.

Za mapulogalamu othyoledwa

Tisanamizane, tonse tikudziwa kuti alipo anyamata amene amaika Photoshop ndi CorelDRAW pa mtengo wa mbale ya nsima. Inenso ndinaikitsapo. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo la umwini, taonani mmene amaikira: choyamba amakuuzani kuti muzimitse antivayirasi. Ndiye kuti mwatsegula chitseko usiku n'kumangirira galu. Kwa ine zinatha milungu ingapo zili bwino, kenako tsiku lina mafoda onse a pa fulashi anasanduka tizithunzi tosatseguka, ndipo fulashi yomweyo ndinali nditailowetsa kale pakompyuta ya wopulinta. Mawu amene anandilankhula bambo amene uja sindingawalembe pano. Pa laputopu yomweyo ndi pamene mumatsegulira imelo, Facebook ya bizinesi, mwinanso akaunti ya kubanki. Kale munthu akanati alibe kuchitira mwina. Lero, Inkscape, GIMP, Photopea ndi Affinity zilipo, chifukwa chimenecho chinatha.

Mphwanga uja anabweranso patapita milungu isanu ndi umodzi, atavala sikipa yabuluu ya kwaya ya achinyamata a kutchalitchi kwawo. Nkhunda ya pachifuwa anaijambula yekha mu Inkscape, phiko limodzi lalitali pang'ono kuposa linzake. Anadinditsa masikipa 30, wopulinta analandira PDF yake osadandaula, ndipo amayi a chigwirizano amufunsa kale za nsalu yawo ya msonkhano. Anandipempha kuti ndimuonetse mmene angazunguzire mawu mozungulira logo. Tinakhala pakhonde mpaka batire inatha.